Kalata ya ku khonsolo ikuti andilowetsa pa gulu logula magetsi, koma ine sindinasainire kanthu

NaPhiri_IL
Moni nonse abale. Ndithandizeni nzeru mutu sukugwira. Dzulo pochoka ku shifiti ndapeza kalata m'bokosi, envelopu ili ndi chizindikiro cha tauni yathu kuno kufupi ndi Chicago koma mkati muli dzina la kampani ina yoti chibadwire sindinaimveko. Akuti tauni yagwirizana ndi kampaniyo kuti izitigulira magetsi tonse pamodzi kwa miyezi 12, ndipo ngati sindikufuna ndibweze kakhadi kali momwemo kapena ndiimbe foni lisanafike tsiku lomwe alemba, ndikangokhala chete basi ndalowa. Chikundiwawa nchimenecho. Ine ndakhala ndikulipira ComEd, kampani yathu ya magetsi, zaka zinayi osaphonya olo mwezi umodzi, lero munthu angondinyamula ngati thumba la chimanga osandifunsa? Pamwamba alemba kuti municipal aggregation. Ndi zenizeni izi kapena ndi akathyali aja amagogoda m'makomo?

Kamdothi77
Ng'ambani muponye mu bini achemwali. Chilichonse chonena kuti "mukakhala chete mwavomera" ndi kuba basi.

Injiniya_wa_Mawaya
Ayi a Kamdothi musawasocheretse, akaponya mu bini ndiye kuti alowa kumene kkk. A NaPhiri, kalatayo mwina ndi yeniyeni, ndifotokoze pang'ono mundipirire kutalika.

Tengani bilu yanu ya ComEd muyang'ane bwino, muona kuti ili ndi zigawo. Pali supply, amenewo ndi magetsi enieniwo omwe mwagwiritsa ntchito, ndiye pali delivery, imeneyo ndi ndalama ya mapolo, mawaya, mita ndi anyamata amabwera kudzakonza mphepo ikagwetsa mtengo. Kenako misonkho. Ku Illinois mbali ya delivery simungasankhe, ngati muli dera la ComEd ndi ComEd basi, kumunsi kwa state ambiri ndi Ameren. Koma mbali ya supply lamulo limalola kugula kwa wina. Ndiye mu 2009 anakhazikitsa lamulo loti khonsolo ya tauni itha kusonkhanitsa makomo onse ndi mabizinesi ang'onoang'ono nkuitanitsa makampani kuti apikisane, ndani atipatse mtengo wabwino tikagula monga gulu. Zili ngati amayi a ku Kawale akasonkherana kukapikula bale ya kaunjika kapena thumba la shuga ku holuselo mmalo moti aliyense azigula ka paketi pa okala.

Mawaya ndi omwewo, mita ndi yomweyo, bilu izibwerabe kuchokera ku ComEd, magetsi akazima muziimbira ComEd yemweyo. Chosintha ndi mzere umodzi pa bilu, dzina la ogulitsa ndi mtengo wa pa kWh, yuniti ya magetsi.

Kuti mutsimikize kuti si akuba musaimbe nambala ya pa kalatayo kaye, pitani pa webusaiti ya tauni yanu kapena imbani ku ofesi ya tauni mufunse.

NaPhiri_IL
Zikomo achimwene. Koma funso langa lija lilipobe, anandifunsa liti?

Injiniya_wa_Mawaya
Anafunsa pa voti mayi. Ku Illinois khonsolo singayambe zolowetsa anthu mwa gulu chonchi popanda referendamu. Matauni ambiri anavota cha mu 2011 ndi 2012, ndiye voti imeneyo imagwirabe ntchito mpaka lero, khonsolo ikafuna kusaina kontrakiti yatsopano siyifunikanso kubwerera kwa anthu.

NaPhiri_IL
2012 ine ndinali ku Chilomoni ndikugulitsa mandasi kkkk. Ndiye anandivotera anthu oti mwina ena anasamuka kale, ena anamwalira.

Kamdothi77
Mwaonatu. Ndi zomwe ndikunena ine. Kaya ndi zalamulo kaya chani koma mchitidwe wake ndi wa chiphamaso. Akudziwa kuti anthu ngati ife timagwira madabulo, kalata timazitsegula Lamlungu, zina sititsegula nkomwe. Bwanji osapanga zoti ofuna alembetse okha?

AnkoloWaSouthBend
Ana inu mukudandaula chifukwa chokhuta. Kuno ku Indiana kulibe kusankha, ku South Bend ndi Indiana Michigan Power basi, mtengo amakambirana ndi a boma ku Indianapolis uko, ife timangolandira bilu. Nde wina akukupatsani khomo lolowera ndi lotulukira mukuti kuba?

Za funso la Kamdothi, ndiyankhe ngati munthu wakale. Ndinakhalapo mlembi wa kalabu ya alimi kwathu ndisanabwere kuno. Ukapita kwa ogulitsa feteleza nkunena kuti "mwina tibwera anthu 20, mwina 200, tiona", sangakutsitsire olo tambala. Koma ukanena kuti tilipo 200 ndipo mayina ndi awa, amakupatsa mpando ndi fanta. Zoti aliyense alembetse yekha zimathera anthu khumi, ndipo kampani singapereke mtengo wabwino kwa anthu khumi. Mphamvu yonse ya chinthuchi ili pa chiwerengero.

Kamdothi77
Ankolo ulemu wanu, koma ku kalabu kwanuko munthu amabwera yekha pansi pa mtengo nkukweza dzanja. Apa dzanja akukukwezera.

AnkoloWaSouthBend
Nanga ComEd yo anakweza dzanja liti? Anangolowa m'nyumba nkupeza ndi imeneyo.

Chemwali_Worcester
Ankolo mwalasa kkkk.

Ine ndiikire umboni za kuno ku Massachusetts poti nkumene zinayambira zimenezi, lamulo lake ndi la 1997 ndipo oyamba anali matauni a ku Cape Cod ndi gulu lawo la Cape Light Compact. Boston inachedwa, inayamba February 2021. Nde chisanu cha 2022 kulowa 2023 sindidzachiiwala. Gasi atakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, kampani ya mawaya ya National Grid inakweza mtengo wake wa basic service, wa omwe sanasankhe ogulitsa ena, kufika pafupifupi masenti 34 pa kWh kuyambira November. Pomwe a mu pulogalamu ya mzinda wa Boston anali pa masenti 11 ndi kanthu chifukwa mzinda unali utasaina kale kontrakiti mitengo isanapenge. Msuweni wanga amakhala ku Dorchester, mbali ya Boston, dera la kampani ya mawaya ya Eversource, iyenso sankadziwa nkomwe kuti ali mu pulogalamu, anangodabwa kuti anzake ku ntchito akulira ndi mabilu iye ayi. Tsiku lina tinaika mabilu pa tebulo, wake ndi wa mnzathu wina wokhala tauni yopanda pulogalamu, nyumba zofanana kukula, tonse timayatsa hita yamagetsi ku chipinda, kusiyana kwake munthu umatha kugula thumba la ufa ndi nkhuku zingapo.

Nde ine kalata ngati imeneyo sindingaitaye.

NyasaBoy_Cleveland
Achemwali a ku Worcester mwanena mbali yokoma yokha. Chaka chomwecho cha 2022 kuno ku Ohio zinatembenuka. Kuno kuli NOPEC, gulu lalikulu la makhonsolo a kumpoto chakum'mawa kwa state, linayamba mu 2000, matauni oposa 200. Chilimwe cha 2022 mtengo wawo unafika cha m'ma masenti 12 pomwe wa kampani ya mawaya unali pafupifupi theka lake, chifukwa a mawayawo anali atagula kale magetsi awo pa okushoni mitengo ili pansi. Anthu anayamba kutuluka okha, mapeto ake mu August NOPEC inalengeza kuti ikubweza makasitomala pafupifupi 550,000 ku kampani ya mawaya. Anadzayambiranso pakati pa 2023. Nde musamati gulu nthawi zonse limatchipa. Zimatengera kuti wagula liti, ngati chimanga, wogula mu May ndi wogula mu January salipira mofanana olo atakhala gulu lalikulu bwanji.

Chemwali_Worcester
Koma anakubwezani okha mesa? Kampani ya pakhomo ija ikanakubwezani?

NyasaBoy_Cleveland
Pamenepo ndivomere, anatibweza okha ndipo sanatilipiritse kanthu. Koma mabilu a June ndi July tinali titalipira kale, ndipo AC inali ikulira usana ndi usiku.

ZaKuNdirande
Ine ndikuwerenga izi ndi kandulo, foni ili pa 9%. Anthu akukangana kuti magetsi awagule kwa ndani, ife tikungofuna abwere kkkkk

MaiAbusa_TX
Pepani a ku Ndirande, Ambuye akuoneni.

Ine ndiwachenjeze a NaPhiri pa chinthu chimodzi, chifukwa kalata zimenezi zikangotuluka afisi nawonso amanunkhiza. Tisanasamukire kuno tinkakhala ku Illinois konko. Sabata yomwe tinalandira kalata ya tauni kunabwera mnyamata pakhomo, wavala ka vesiti kowala, baji pakhosi, tabuleti m'manja, waulemu ngati wa kwaya. Akuti mayi ndabwera za pulogalamu ya tauni ija, ndingoona bilu yanu nditsimikize kuti mwalowa bwino. Ine osadziwa ndinakatenga bilu pa firiji, iye anajambula nambala ya akaunti, kenako anandipatsa foni kuti ndiyankhe "yes" kwa munthu wina mafunso angapo. Abusa atabwera madzulo ndinawauza monyadira kuti ndakonza za magetsi. Miyezi itatu yoyamba zinali bwino, wachinayi bilu inakwera, wachisanu inakweranso, kuyang'ana bwino dzina la pa bilu silinali la kampani ya tauni ija ayi, inali ina, mtengo wake wosinthasintha mwezi ndi mwezi. Ndinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu kuti nditulukemo.

Nde dziwani ichi, a pulogalamu ya tauni sabwera pakhomo ndipo safuna kuona bilu yanu, mayina ali nawo kale. Wina aliyense wopempha nambala ya akaunti mutsekereni chitseko.

Chemwali_Worcester
Zoona mayi. Kuno ofesi ya Attorney General inafufuza mu 2018 nkupeza kuti anthu osaina okha ndi makampani oterewa analipira madola oposa 170 miliyoni mopyolera pa zaka ziwiri zokha, ndipo olumidwa kwambiri anali a m'madera osauka. Ndi chifukwa chake ine ndimati bola khonsolo, iwo ali ndi maloya owerenga timalemba ting'onoting'ono tija.

Kamdothi77
Maloya omwewo amalipidwa ndi ndani? Funsani bwino. Pamakhala konsatanti pakati amene amadya kachigawo pa kWh iliyonse yomwe mwayatsa. Ndipo ndinamva matauni ena a ku Illinois kampani imapereka ndalama ku khonsolo.

Injiniya_wa_Mawaya
Apa a Kamdothi sakunama. Konsatanti amakhalapo m'matauni ambiri ndipo malipiro ake amakhala mkati mwa mtengo womwewo. Ndipo zoona, zaka zapitazi pomwe zinavuta kupeza mtengo wotsika kuposa wa ComEd, matauni ena anasaina mtundu wina wa kontrakiti woti inu mulipira ndendende mtengo wa ComEd, osapindula osaluza, koma kampani imapereka kangachepe ku thumba la tauni, amati civic contribution, kapena imagula ma certificate a magetsi a mphepo m'dzina la tauni. Kaya nzabwino kaya nzoipa aliyense aweruze yekha, koma ndi zoyenera kufunsa, ndipo kontrakiti ya tauni si chinsinsi mutha kuipempha.

Komanso Chicago yeniyeniyo inayesa nkusiya. Anavota November 2012, anasaina ndi kampani ya Integrys, kumayambiriro anthu anapulumutsadi ndalama chifukwa nthawi imeneyo ComEd inali itamangidwa ndi makontrakiti akale odula. Makontrakiti aja atatha mtengo wa ComEd unatsika, phindu lija linauma, mu 2015 mzinda unabweza anthu onse ku ComEd. Palibe anachita manyazi, masamu anangosintha.

Mlonda_Notts
Ine mawu oti khonsolo ndi magetsi akakhala mu chiganizo chimodzi thupi limachita tsembwe. Kuno ku Nottingham khonsolo inatsegula kampani yakeyake mu 2015, Robin Hood Energy, akuti tithandize osauka. Pofika 2020 inagwa, makasitomala anagulitsidwa ku British Gas, mzinda unataya mapaundi pafupifupi 38 miliyoni. Bristol nayonso inapsa manja ndi kampani yake chaka chomwecho. Amene analipira ndi ife a council tax.

Injiniya_wa_Mawaya
Bwana a ku Notts zimenezo ndi zina. Nottingham inatsegula sitolo, inkagula yokha pa msika nkumagulitsa, mitengo ikatembenuka ngongole ndi ya mzinda. Za a NaPhiri tauni siigula kanthu ndi ndalama zake, imangokhala ngati nkhoswe, kukambirana mtengo basi, chiopsezo chili kwa kampani yomwe yalonjeza mtengowo. Zofanana ndi zimenezi kwanuko ndi zija makhonsolo amati collective switching, koma kumeneko umalembetsa wekha.

Kumene zimayandikira za Nottingham ndi ku California, kuja makhonsolo amapanga bungwe lomwe limasainadi makontrakiti a zaka zambiri ndi opanga magetsi. Loyamba linali la ku Marin mu 2010, ndipo chaka chomwecho kampani ya magetsi ya PG&E inathira madola oposa 40 miliyoni pa kampeni ya Proposition 16 yofuna kuti zoterezi zizivuta kuyambitsa, anthu anaikana pa voti. Ambiri mwa mabungwe amenewo akuyenda, koma limodzi la ku Riverside County, Western Community Energy, linagwa mu 2021.

Mlonda_Notts
Nkhoswe nayonso ukwati ukavuta imathawa kkk

MbuyaJoni
Inu bwerani kuno ku Joni mudzaone khonsolo ikamagulira anthu magetsi. Kuno ndi kale lomwe ma municipality amapikula kwa Eskom nkumatigulitsa, Johannesburg ili ndi City Power yake. Koma cholinga si kutitsitsira ayi, amaikapo phindu lawo pamwamba ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe imayendetsa zinthu zina za mzinda. Ndiye ma municipality ambiri amatolera kwa anthu osakapereka ku Eskom, ngongole yonse pamodzi inadutsa ma biliyoni 70 a ma rand mu 2024. July 2024 anawonjezeranso R200 pamwezi kwa a prepaid ku Joburg, isanalowe VAT. Ife a m'ma backroom nde nkhani ina, timagula kwa landilodi pa ka mita kake ka mkati, mtengo amadziwa yekha.

ZaKuNdirande
Zogawana mita ndi landilodi musazitchule mbuya, pa plot pathu pano nyumba zisanu mita imodzi. Timasonkha mwezi ukayamba, mayunitsi akatha pa 19 aliyense amaloza mnzake. Wina ali ndi hotplate amabisa kunsi kwa bedi, tonse timadziwa chifukwa akayatsa babu imachita ngati ikukomoka. Si aggregation imeneyo? kkkk tinayamba kale ife

NaBanda_Area25
Kkkkk a ku Ndirande mwandipha. Koma kunena zoona nditawerenga zonsezi ndimaganiza, kodi Lilongwe City Council ingapange zimenezi? Kutigulira mayunitsi motchipa?

Injiniya_wa_Mawaya
Sizingatheke mmene zinthu zilili panopa, chifukwa kulibe oti apikisane. Kumudzi ogulitsa kwa anthu ndi ESCOM yokha ndipo mtengo amavomereza ndi a MERA, ndi umodzi dziko lonse. Chinasintha mu 2017 nchoti kupanga magetsi kunapita ku EGENCO, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndiye pali ena apadera ngati sola ya JCM ku Salima ya 60 MW, koma onsewo amagulitsa ku gridi osati kwa inu kapena ku khonsolo. Ndipo vuto lathu si la mtengo lokha, ndi kuchepa kwa magetsiwo. Mukumbuka Cyclone Ana itaononga Kapichira mu January 2022, pafupifupi 130 MW inachoka tsiku limodzi. Olo makhansala onse atagwirizana, sungapikule chinthu chomwe kulibe.

NaBanda_Area25
Komanso khonsolo yoti zinyalala zikuikanika ndiipatse za magetsi? Ndabweza funso langa.

Kamdothi77
Mwayamba kundimvetsa tsopano.

AnkoloWaSouthBend
Tabwererani kwa mwana wafunsa uja, mwafika ku Kapichira iye kalata ili m'manja tsiku likuyandikira. Iwe NaPhiri, pa kalatapo alemba mtengo wanji, ndipo ComEd ikukulipiritsa zingati?

NaPhiri_IL
Zikomo ankolo ndimangowerenga ndili pa break. Ndinaimba ku ofesi ya tauni m'mawa, mayi wina wayankha kuti kalata ndi yawodi ndipo ndine wachisanu kufunsa lero. Nde si akuba, pepani a Kamdothi. Koma ndayerekeza ndi bilu, mtengo wa pa kalata ukuoneka wokwera kuposa mzere wa supply wa pa bilu yanga. Nde phindu lili pati?

Injiniya_wa_Mawaya
Samalani pamenepo, ambiri amaphonya pomwepo. Pa bilu ya ComEd mbali ya supply ili ndi mizere ingapo, pali electricity supply charge, pali transmission services charge, ndiye pali kena kotchedwa purchased electricity adjustment komwe kamakwera kapena kutsika mwezi ndi mwezi. Mtengo wa pa kalata ya tauni nthawi zambiri umakhala utaphatikiza kale supply ndi transmission. Nde inu muphatikize mizere iwiri yoyambayo kenako muyerekeze. Kapena pitani pa Plug In Illinois, webusaiti ya Illinois Commerce Commission, pali nambala imodzi yotchedwa Price to Compare, imeneyo ndiye muike pambali pa ya pa kalata. A Citizens Utility Board nawonso amathandiza kuwerenga bilu ulere.

China, mtengo wa ComEd umasintha mu June ndi mu October, pomwe wa tauni ngati alemba kuti fixed ukhala womwewo miyezi yonse 12. June 2025 anthu anaona okha mmene unadumphira, chifukwa okushoni ya capacity (ndalama yolipira opanga magetsi kuti akhale okonzeka akafunika kwambiri) ya PJM, omwe amayendetsa gridi ya dera lonseli, inachoka pa madola pafupifupi 29 kufika pafupifupi 270 pa MW patsiku, ma data centre akumeza magetsi ngati njovu pa dambo. Nde nthawi zina umalipira kochepa pamwamba kuti ugone tulo.

Mafunso atatu muwafunse: fixed kapena ayi, pali ndalama ya pamwezi yowonjezera, ndipo kutuluka pakati pa chaka nkwaulere? Mapulogalamu ambiri a matauni kutuluka nkwaulere koma onani zalembedwa.

NyasaBoy_Cleveland
Ndiwonjezere, ngati mumalandira thandizo la boma pa bilu funsaninso kaye. Kuno ku Ohio a pa PIPP, pulogalamu yothandiza opeza zochepa pa bilu, salowetsedwa mu gulu. Ndipo amene anasaina kale ndi kampani ina payekha samusuntha, kalata imapita kwa omwe ali pa mtengo wa kampani ya mawaya.

MaiAbusa_TX
Nanga zija amalemba kuti 100% green, magetsi ake amasiyana? Ine ndinkaopa kuti mphepo ikasiya firiji izima.

Chemwali_Worcester
Kkkk ayi mayi, mu waya ndi omwewo osakanizika ngati madzi a mu Shire, simungadziwe kuti dontho ili lachokera ku Linthipe kapena ku Bua. Amangogula mapepala osonyeza kuti penapake pa gridi panalowa magetsi a mphepo kapena a dzuwa ofanana ndi omwe mwagwiritsa ntchito. Ku Boston kuli magawo atatu, wotchipa, wapakati womwe amakuika ukakhala chete, ndi wa Green 100 wodulirapo. Umasankha wekha.

Kamdothi77
Kulipira pepala. Azungu ndi ochenjera.

Chemwali_Worcester
Mapepala amenewo ndi omwe amapangitsa kuti wina amange ma turbine a Kamdothi, koma tisayambe imeneyo lero.

NaPhiri_IL
Ndabwerako abale, ndakhala pansi ndi calculator ana atagona. Nditaphatikiza mizere iwiri ija monga ananenera a Injiniya, mtengo wa tauni ndi wotsika ndi pafupifupi theka la senti. Ife timayatsa cha m'ma 600 kWh pamwezi, nde ndi madola atatu. Atatu! Usiku wonse ndinalephera kugona chifukwa cha madola atatu kkkk. Ndi fixed, palibe ya pamwezi, kutuluka ndi ulere nthawi iliyonse, ndawerenga kawiri mpaka kumbuyo kwa pepala. Za civic contribution sanalembepo, ndawatumizira email kufunsa.

Ndikhalamo. Koma a Kamdothi sindikukutsutsani, mpaka pano zikundinyansabe kuti chete wanga akumuwerenga ngati eya. Amayi anga akanalandira okha kalata imeneyi sakanamva olo liwu limodzi, ndipo m'nyumba zathu zino muli anthu ambiri a ku Mexico ndi ku Congo, kalata yabwera m'Chingerezi chokha.

Kamdothi77
Ine yanga ikadzabwera ndidzabweza kakhadi tsiku lomwelo, madola atatuwo adye okha.

AnkoloWaSouthBend
Iwe Kamdothi umakhala kwa mlamu wako, bilu sinabwerepo m'dzina lako chifikireni.

Kamdothi77
Ankolo zapagulu izi

NyasaBoy_Cleveland
Kkkkkk ankolo mwaulula. A NaPhiri ikani alamu pa foni ya June ndi October muzikaonanso Price to Compare ija, ine chichitikireni za 2022 ndimayang'ana Apples to Apples, webusaiti yoyerekezera mitengo ya PUCO, oyang'anira za magetsi kuno ku Ohio, ngati mmene ndimaonera rate ya kwacha.

NaPhiri_IL
Ndaika kale. Ndajambulanso kalatayo ndaika pa gulu la azimayi a ku tchalitchi, awiri ayankha kuti yawo anataya sabata yatha ankaganiza kuti ndi za ma credit card.

ZaKuNdirande
Abwera!! Ndikathamange ndikatchaje foni asanayatse hotplate uja